Ma plugin ndi ma theme a WordPress

Ma plugin ndi ma theme ndi njira ziwiri zimene anthu amawonjezerera kapena kusinthira zinthu mu WordPress, pulogalamu yaulere yoyendetsera mawebusaiti. Theme imalamulira maonekedwe a webusaiti: mitundu, kaonekedwe ka zilembo, ndiponso malo amene mutu, nkhani ndi zithunzi zimakhala pa tsamba. Plugin imawonjezera ntchito imene WordPress payokha siichita, monga fomu yotumizira uthenga, sitolo yogulitsira katundu, kapena chotchingira mauthenga achinyengo. Zonse ziwiri zimalembedwa makamaka m'chinenero cha kompyuta cha PHP, pamodzi ndi HTML, CSS ndi JavaScript, ndipo zimasungidwa mu foda yotchedwa wp-content, padera ndi mafayilo a WordPress yeniyeniyo, amene amatchedwa core.

Kulekanitsa kumeneku ndi kumene kwamanga dongosolo lonse. WordPress yatsopano ikatuluka, mafayilo a core amafufutidwa n'kulowedwa m'malo ndi atsopano, koma za mu wp-content zimatsala. Choncho munthu amene wasintha core mwachindunji amataya ntchito yake tsiku limene webusaitiyo yalandira WordPress yatsopano, pamene amene walemba plugin sataya kanthu. Malinga ndi kafukufuku wa W3Techs, mawebusaiti oposa 40 peresenti pa dziko lonse amayendera WordPress, ndipo pa WordPress.org pali ma plugin aulere pafupifupi 60,000. Ambiri mwa iwo analembedwa ndi anthu amene sanakumanepo, koma amagwira ntchito limodzi pa seva imodzi, ndipo iliyonse ili ndi mphamvu zofanana ndi za WordPress yeniyeniyo.

Mbiri

WordPress inatuluka koyamba pa 27 Meyi 2003. Anaiyambitsa ndi Matt Mullenweg wa ku Houston ku United States ndi Mike Little wa ku England, potenga code ya pulogalamu ina yotchedwa b2/cafelog, imene mwini wake, Michel Valdrighi wa ku France, anali atasiya kuikonza. Poyamba munthu wofuna kuwonjezera chinthu ankatsegula mafayilo a pulogalamuyo n'kuikamo mizere yake, kapena kuilemba mu fayilo imodzi yotchedwa my-hacks.php.

Ma plugin anabwera mu Meyi 2004 ndi WordPress 1.2, yotchedwa Mingus. Dongosolo la ma theme linatsatira mu Febuluwale 2005 ndi WordPress 1.5, yotchedwa Strayhorn, imene inabwera ndi theme ya Kubrick yopangidwa ndi Michael Heilemann wa ku Denmark. Mayina a Mingus ndi Strayhorn ndi a oimba nyimbo za jazz, ndipo mwambo wotchula WordPress yatsopano dzina la woimba jazz ukupitirirabe. Plugin ya Hello Dolly, imene Mullenweg analemba ndipo yakhala ikubwera pamodzi ndi WordPress kuyambira nthawi imeneyo, sichita kanthu kena koma kuonetsa mzere umodzi wa nyimbo pa tsamba la woyang'anira webusaiti. Ntchito yake yeniyeni ndi yophunzitsa: ndi yaifupi moti wophunzira akhoza kuiwerenga yonse n'kumvetsa mmene plugin imalumikizirana ndi WordPress.

Mu Disembala 2008, WordPress 2.7 inalola anthu kufufuza ndi kuika ma plugin ali pa tsamba la woyang'anira, osachita kukopera mafayilo pa seva pamanja. WordPress 3.0 ya mu Juni 2010 inakhazikitsa bwino mitundu ya zolemba yopanga munthu yekha, yotchedwa custom post types. Kuyambira pamenepo WordPress inasiya kukhala pulogalamu yongolembera nkhani, chifukwa plugin inkatha kupanga mtundu wake wa zinthu, kaya ndi katundu wa m'sitolo, nyumba zalendi, kapena maphunziro a pa sukulu.

Ma hook

Plugin imatha kusintha zochita za WordPress osakhudza core chifukwa cha ma hook. Hook ndi malo amene WordPress, ili mkati mokonza tsamba, imayamba yaima n'kuona ngati pali code ina imene inalembetsa kuti iyitanidwe pamenepo. Alipo mazanamazana, ndipo ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi ma action. Awa amalengeza kuti chinthu chachitika kapena chatsala pang'ono kuchitika. Wa init amachitika WordPress ikangomaliza kudzikonzekeretsa, wa save_post nkhani ikasungidwa, ndipo wa wp_footer kumapeto kwa tsamba. Wolemba plugin amagwiritsa ntchito add_action kuti amangirire function yake pa action imene akufuna. Mwachitsanzo, plugin ya pa webusaiti ya nyuzipepala ikhoza kudikira nthawi imene nkhani yasindikizidwa kuti itumize imelo kwa mkonzi.

Gulu lachiwiri ndi ma filter. Filter imalandira chinthu, n'kuchisintha, n'kuchibweza. WordPress ikamaonetsa chidule cha nkhani imadula pa mawu 55, koma nambalayo imadutsa kaye mu filter ya excerpt_length, ndiye function ya mizere itatu yomangiriridwa ndi add_filter ikhoza kuisintha kukhala 30. Nkhani yonse imadutsa mu filter ya the_content isanaonekere kwa owerenga. Vuto limene oyamba kumene amakumana nalo kawirikawiri ndi kuiwala kubweza chimene alandira: function yomangiriridwa pa the_content ikapanda kubweza kanthu, nkhani zonse za pa webusaiti zimaoneka zopanda mawu ngakhale kuti mu database zilimo.

Ma function angapo akamangiriridwa pa hook imodzi, amatsatana malinga ndi nambala yotchedwa priority. Wolemba akapanda kuitchula, nambalayo imakhala 10, ndipo ya nambala yaing'ono ndi imene imayamba. WordPress nayo imagwiritsa ntchito dongosolo lomweli pa zinthu zake. Function ya wpautop, imene imagawa nkhani m'ndime, ili pa the_content pa nambala 10, pamene imene imamasulira ma shortcode ili pa 11. Ndiponso plugin ikhoza kupanga ma hook ake kudzera mu do_action ndi apply_filters, kuti ma plugin ena aziisintha. Umu ndi mmene plugin yaikulu ngati WooCommerce yakhalira ndi ma plugin ake ambirimbiri odalira iyo.

Kapangidwe ka plugin

Plugin yaing'ono kwambiri ndi fayilo imodzi ya PHP yoikidwa mu wp-content/plugins, yokhala ndi ndemanga pamwamba pake imene ili ndi mzere woyamba ndi mawu akuti Plugin Name. WordPress ikaona mzere umenewu imaika fayiloyo pa mndandanda wa ma plugin, ndipo woyang'anira akhoza kuiyatsa. Mizere ina ya pamutupo imatchula mlembi, laisensi, ndi PHP yakale kwambiri imene plugin ingayendere. Kuyambira ndi WordPress 6.5 ya mu Epulo 2024, pali mzere wa Requires Plugins wotchulira ma plugin ena amene ayenera kukhalapo kaye.

Popeza ma plugin onse amayenda pamodzi, awiri akapanga function ya dzina limodzi PHP imaima ndipo webusaiti yonse imagwa. N'chifukwa chake olemba amayamba mayina onse ndi zilembo zawozawo, kapena amagwiritsa ntchito namespace. Kale kugwa kotereku kunkangoonetsa tsamba loyera lopanda kanthu, ndipo mwini webusaiti ankalephera ngakhale kulowa kuti azimitse plugin yolakwayo. WordPress 5.2 ya mu Meyi 2019 inabweretsa njira yoti zikatere woyang'anira amalandira imelo yokhala ndi linki yolowera mwapadera.

Zimene plugin ikufuna kukumbukira imazisunga mu database: zosankha zazing'ono mu tebulo la wp_options, zinthu zazikulu mu wp_posts ndi wp_postmeta, kapena m'matebulo akeake. Plugin yolembedwa mosamala imabwera ndi fayilo ya uninstall.php yochotsa zonsezi munthu akaifufuta. Ambiri salabadira zimenezi, moti mawebusaiti akale amakhala atanyamula zotsalira za ma plugin amene anachotsedwa zaka zambiri zapitazo.

Kapangidwe ka theme

Theme ya mtundu wakale imafuna mafayilo awiri okha: style.css, imene pamwamba pake pamalembedwa dzina la theme, ndi index.php. Ena onse ndi owonjezera, ndipo WordPress imasankha woti igwiritse ntchito motsatira ndondomeko yotchedwa template hierarchy, imene imayamba ndi fayilo yolunjika kwambiri n'kumatsikira ku yachisawawa. Munthu akatsegula gulu la nkhani lotchedwa masewera, WordPress imayamba yafufuza category-masewera.php. Ikaisowa imafufuza ya nambala ya gululo, kenako category.php, kenako archive.php, ndipo pomaliza index.php. Motero wokonza theme akhoza kupatsa gulu limodzi la nkhani maonekedwe akeake pongowonjezera fayilo ya dzina loyenera.

Mkati mwa mafayilowa muli kachigawo kotchedwa The Loop, kamene kamafunsa ngati pali nkhani yotsala kudzera mu have_posts, n'kuitenga ndi the_post, n'kuonetsa mutu ndi mawu ake, mpaka nkhani zitatha. Fayilo ina yofunika ndi functions.php, imene imagwira ntchito ngati plugin yokhala mkati mwa theme.

Wofuna kusintha theme ya munthu wina amapanga child theme, foda yatsopano imene style.css yake ili ndi mzere wa Template wotchula theme yoyambayo. WordPress imayamba kufufuza mafayilo mu child theme, ndipo zimene mulibe imakazitenga ku theme yoyamba. Mfundo yake ndi yomwe ija ya core: mwini theme akatulutsa yatsopano, zosintha za mu child theme sizifufutika.

Mu Disembala 2018, WordPress 5.0 inabweretsa cholembera chatsopano chotchedwa Gutenberg, chimene chimaona ndime, chithunzi kapena tebulo lililonse ngati block payokha. Chinalembedwa makamaka ndi JavaScript ndi React, zimene zinakakamiza olemba ambiri ozolowera PHP kuphunziranso ntchito. Anthu ochuluka anachikana: plugin ya Classic Editor, yobwezeretsa cholembera chakale, inaikidwa pa mawebusaiti mamiliyoni, ndipo gulu lina linapatuka n'kuyambitsa ClassicPress chaka chomwecho. Fayilo ya theme.json inabwera ndi WordPress 5.8 mu Julayi 2021, ndipo mu Januwale 2022 WordPress 5.9 inatuluka ndi Twenty Twenty-Two, theme yoyamba ya ma block kubwera pamodzi ndi WordPress. Mu theme yotere ma template ndi mafayilo a HTML a mu foda ya templates, mitundu ndi zilembo zimalembedwa mu theme.json, ndipo mwini webusaiti akhoza kusintha mutu ndi phazi la tsamba osalemba code. Mitundu iwiri yonseyi ikugwirabe ntchito.

Malire a theme ndi plugin

Popeza functions.php ikhoza kuchita chilichonse chimene plugin ingachite, malire a ziwirizi ndi nkhani ya mwambo, PHP siyawakakamiza. Mwambowo umati chinthu chimene chiyenera kutsala munthu akasintha maonekedwe a webusaiti chikhale mu plugin. Sukulu ikalembetsa mndandanda wa aphunzitsi ake kudzera mu theme, tsiku losintha theme mndandandawo umasowa pa tsamba la woyang'anira, ngakhale uli mu database. Oyang'anira ma theme pa WordPress.org amakana ma theme opanga custom post types kapena ma shortcode pa chifukwa chimenechi. Ma theme ambiri ogulitsidwa m'misika ina satsata lamuloli, ndipo amanyamula zinthu zochuluka zimene mwini webusaiti sadzazigwiritsa ntchito. Mtengo wake amalipira ndi wowerenga wa pa foni, amene bandulo yake imathera pa mafayilo a JavaScript ndi CSS a zinthu zimene sizili n'komwe pa tsamba limene watsegula.

Chitetezo

WordPress ilibe mpanda pakati pa plugin ndi zina zonse. Plugin ikangoyatsidwa ikhoza kuwerenga ndi kulemba tebulo lililonse la database, kupanga woyang'anira watsopano, kusintha mafayilo, ndi kutumiza zinthu ku seva ina. Plugin yoonetsa nyengo ili ndi mphamvu zofanana ndi yolandirira ndalama. Izi zimasiyana ndi mapulogalamu a pa foni, amene amayamba apempha chilolezo asanagwiritse ntchito kamera kapena manambala a anthu. Malipoti a makampani a zachitetezo monga Patchstack ndi Wordfence akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti mipata yambiri yolowera akuba imapezeka mu ma plugin, ndipo yochepa kwambiri mu core.

Zolakwa zake zimabwerezabwereza, ndipo WordPress ili ndi zida zopewera chilichonse. Zimene munthu walemba mu fomu ziyenera kuyeretsedwa zisanasungidwe, mwachitsanzo ndi sanitize_text_field. Zochokera mu database ziyenera kudutsa mu esc_html, esc_attr kapena esc_url zisanaonetsedwe, kuti wina asabisemo JavaScript yoba chilolezo cha woyang'anira. Mafunso opita ku database amakonzedwa ndi prepare kuti mawu a mlendo asasanduke lamulo la SQL. Function ya current_user_can imaona ngati munthuyo ali ndi udindo wochita zimene wapempha, pamene nonce imatsimikizira kuti pempholo lachokeradi pa tsamba la webusaitiyo. Ziwiri zomalizazi sizilowana m'malo, ngakhale olemba ambiri amaika chimodzi n'kuganiza kuti amaliza. Ndiponso nonce ya WordPress, mosiyana ndi tanthauzo la dzina lake, si ya ulendo umodzi: imagwira ntchito mpaka maola 24.

Mu Ogasiti 2011 kunapezeka mpata mu TimThumb, kapulogalamu kochepetsera zithunzi kamene kanaikidwa mkati mwa ma theme ambirimbiri. Eni mawebusaiti ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nako, ndipo kuika WordPress yatsopano sikunkatseka mpatawo. Zofananazo zinachitika mu 2014 ndi Slider Revolution, plugin imene inkabwera mkati mwa ma theme ogulitsidwa. Ogula theme sankalandira chidziwitso chakuti yakonzedwa, ndipo mu Disembala chaka chimenecho akuba analowa m'mawebusaiti masauzande ambiri pa chiwembu chotchedwa SoakSoak. Mu Seputembala 2020 mpata wa mu plugin ya File Manager, imene inali pa mawebusaiti oposa 700,000, unalola aliyense kuika fayilo ya PHP pa seva popanda kulowa ndi pasiwedi.

Vuto lina silichokera m'kulakwitsa. Mu 2017 plugin ya Display Widgets inagulitsidwa, ndipo mwini wake watsopano anaikamo code yosindikiza mobisa zotsatsa zachinyengo pa mawebusaiti a anthu, mpaka inachotsedwa pa WordPress.org. Apa njira yolandirira zokonzedwa, imene imayenera kuteteza webusaiti, ndi imene inabweretsa chiphe. Ngakhale zili choncho, kusiya plugin yakale n'koopsa kwambiri, ndipo kuyambira ndi WordPress 5.5 ya mu Ogasiti 2020 woyang'anira akhoza kulola kuti ma plugin ndi ma theme azidzikonza okha.

Kumasulira

WordPress imagwiritsa ntchito dongosolo la gettext. Mlembi salemba mawu oonekera kwa anthu mwachindunji, koma amawakutira mu function yomasulira, pamodzi ndi dzina la plugin lotchedwa text domain. Mawu onsewo amasonkhanitsidwa mu fayilo ya .pot, womasulira amalemba fayilo ya .po ya chinenero chake, ndipo kompyuta imawerenga ya .mo. Womasulira safunika kudziwa PHP. Plugin yolembedwa motere ikhoza kumasuliridwa m'Chichewa kapena m'chinenero china chilichonse osasintha mzere ndi umodzi womwe wa code.

Laisensi ndi malonda

WordPress ili pansi pa laisensi ya GPL, imene inachokera ku b2/cafelog. Laisensiyi imalola aliyense kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuisintha ndi kuigawa, bola zochokera mwa iyo zigawidwe pa mfundo zomwezo. Funso lakuti ma theme ndi ma plugin ndi zochokera mu WordPress kapena ayi linavuta zaka zingapo. Mu Julayi 2009 bungwe la Software Freedom Law Center linapereka maganizo akuti mafayilo a PHP a mu theme ayenera kukhala a GPL, koma zithunzi ndi CSS zikhoza kukhala ndi laisensi ina. Mu 2010 Chris Pearson, mwini theme yotchuka ya Thesis, anakana zimenezi poyera n'kukangana ndi Mullenweg, koma pamapeto pake anaika PHP ya theme yake pansi pa GPL.

GPL siletsa kugulitsa. Koma popeza wogula ali ndi ufulu wogawira ena, chimene amalipiradi ndi thandizo ndi zokonzedwa za chaka ndi chaka. Njira yofala ndi kuika plugin yaulere pa WordPress.org n'kumagulitsa ina yokhala ndi zambiri. Makope aulere a ma plugin ogulitsidwa, otchedwa nulled, amapezeka paliponse pa intaneti, ndipo kawirikawiri amakhala atabisidwamo code yolowetsa akuba.

Plugin yaikulu kwambiri pa zamalonda ili ndi mizu ku Africa. Kampani ya WooThemes inayambitsidwa mu 2008 ndi Adii Pienaar ndi Mark Forrester a ku South Africa pamodzi ndi Magnus Jepson wa ku Norway, ndipo poyamba inkagulitsa ma theme. Mu Seputembala 2011 inatulutsa WooCommerce potenga code ya plugin ina yotchedwa Jigoshop, monga mmene GPL imalolera, ndipo mu 2015 inagulidwa ndi Automattic, kampani ya Mullenweg. Makampani olandirira ndalama pa intaneti, kuphatikizapo Paystack ndi Flutterwave, amalumikizana ndi WooCommerce kudzera mu ma plugin.

WordPress.org ndi mkangano wa 2024

Plugin yatsopano yopita pa WordPress.org imayamba yawunikidwa ndi gulu la anthu, ndipo ikavomerezedwa mlembi amapatsidwa malo mu Subversion oti aziikamo code. Zimene adzaike pambuyo pake sizidikiranso kuwunikidwa koteroko zisanafike kwa anthu. Webusaiti iliyonse ya WordPress, ngati sinasinthidwe, imafunsa WordPress.org kuti idziwe ngati pali zokonzedwa, choncho amene akulamulira malowa ali ndi njira yofikira mawebusaiti mamiliyoni.

Izi zinaonekera poyera mu 2024. Mu Seputembala, Mullenweg anadzudzula kampani yosunga mawebusaiti ya WP Engine kuti imapindula ndi WordPress osathandiza mokwanira pa ntchito yoikonza, ndipo panabukanso mkangano pa kagwiritsidwe ntchito ka dzina la WordPress. WordPress.org inatsekera maseva a WP Engine, kampaniyo inakasuma, ndipo Mullenweg ananena poyera kuti WordPress.org ndi yake iyeyo, osati ya bungwe la WordPress Foundation. Pa 12 Okutobala, WordPress.org inatenga malo a Advanced Custom Fields, plugin ya WP Engine imene inali pa mawebusaiti oposa 2 miliyoni, n'kuikapo kope lake lotchedwa Secure Custom Fields, ponena kuti ikuteteza ogwiritsa ntchito. Kutenga code kunali kololedwa ndi GPL. Chimene olemba ma plugin ambiri anadandaula nacho chinali kutenga malo enieniwo, pamodzi ndi mawebusaiti onse amene ankalandira zokonzedwa kuchokera pamenepo.

Pa 10 Disembala 2024 khoti la ku California linalamula, mlandu usanazengedwe, kuti WP Engine ibwezeredwe mwayi wolowa pa WordPress.org ndiponso ulamuliro wa plugin yake. Mu Juni 2025 bungwe la Linux Foundation linalengeza ntchito yotchedwa FAIR, yofuna kuti mawebusaiti a WordPress azitha kulandira ma plugin ndi ma theme kuchokera m'malo osiyanasiyana, osadalira seva imodzi.